Wa Nambala 47

Ine Dinyero, zaka makumi awiri ndi zitatu
ndinaima kumchira kwa bwato pa Mtayamoyo:
njinga zinayi, matumba a mapira, mbuzi yomanga miyendo,
mayi wapakati atagwira m'mphepete ndi manja onse,
ndipo palibe amene ndinamugwetsa.
Ruo akabwera wofiira, atasenza mitengo ya eni,
phazi langa linkamva funde lisanafike.

Kenako chifuwa chachikulu.
Miyezi isanu ndi itatu ya jakisoni ku Nsanje,
lero thako ili, mawa ilo.
Chifuwa chinapita, sindikana,
koma potuluka sichinatseke chitseko,
nyenje zinalowa m'makutu onse awiri,
nyenje za Okutobala zosadziwa kuti mvula inagwa kale.

Tinayamba kusowa ndi timba wa m'bango,
kutsatira mluzu wa mnzanga kutsidya,
pomaliza dzina langa pakamwa pa mkazi wanga.
Nthaka nayo inayamba kudzipalasa yokha.
Pamsika wa Bangula ana ananditsanzira kudzandira,
akulu nkumati Dinyero walawirira uchema,
chonsecho m'mimba muli phala lokha.

Lachitatu lina anafika a kafukufuku ochokera ku Gulupu,
galimoto yawo fumbi mpaka padenga.
Mayi Kalitera, wamng'ono kwa mwana wanga woyamba,
thukuta lili kamukamu, anazimitsa fani
kuti chipinda chikhale zii,
nandiveka zakuda kumakutu ngati woulutsa mawu pa wailesi.
Anandiyang'ana kumaso, milomo pang'onopang'ono:
Mukamva kulira, kwezani dzanja.

Ndinadikira.
Chala chake chinadina, chinadinanso,
dzanja langa lili gone pabondo ngati mlamba wowamba.
Kamodzi ndinalikweza chifukwa cha manyazi.
Anapukusa mutu akumwetulira: apo sindinadine, bambo.

Anandiimika pa kachidutswa ka matiresi, mapazi pamodzi.
Tsinzinani.
Sanawerenge kufika zitatu,
mnyamata wawo anandiwakha ngati thumba la thonje.

Kuseri kwa pepala anajambula khutu.
Mkati umu, akuti, muli kadambo,
timadzi todekha ndi tibango
tating'ono kuposa tsitsi la khanda.
Tikawerama, mutu umadziwa kumene kuli pansi.
Mankhwala aja anapha chifuwa,
koma podutsa anatchetcha bango.

Ndinati: bango timaliotcha chaka ndi chaka,
mvula ikangowaza limaphuka.
Anayang'ana cholembera chake nthawi yaitali.
Ili ayi. Njira sitinaipeze.

Nanga mukundiyezeranji?

Tikuwerenga, anatero. Inu ndinu wa 47.
Wina ku Ngabu, mphunzitsi, atatu ku Makhanga.
Mmodzi akadandaula amati ndi ukalamba,
koma manambala akadzaza buku
tidzawatengera kwa ogula mankhwala,
kuti wodwala wa chaka chamawa
achire chifuwa makutu ali nawobe.

Ndinadinda chala.
Inki inakhala m'chikhadabo masiku anayi.

Tsopano nkhafi ili ndi Zuze, mwana wa mlongo wanga.
Amapalasa ndi mapewa, chiuno sanachiphunzire.
Ine ndimakhala padoko, msana pa nimu,
kulandira ndalama, kuwerenga milomo ya okakamira mtengo.
Mayi Kalitera anandisiyira ntchito:
sankhani chinthu chosasuntha, chiyang'aneni,
tembenuzani mutu uku ndi uku kakhumi, katatu patsiku,
maso aphunzire zimene khutu laiwala.
Ndinasankha njanji yolendewera
pamene madzi anadula msewu.
Imavinabe, koma mocheperapo kusiyana ndi mwezi watha.

Dzulo mvuu inalira kuseri kwa namasupuni.
Sindinaimve m'khutu.
Inadzera m'nthaka, inakwera tsinde la nimu,
inandigogoda m'nthiti.
Ndinazindikira dzanja langa lili m'mwamba,
padoko ponse anthu akundiyang'ana,
popanda wolemba m'buku.